Mpando wa abambo ulibe dzina

Musanapitirire kuwerenga, tayang'anani kaye chimene mwakhalapocho. Kaya ndi sofa ya pabalaza, kaya benchi ya pagolosale, kaya kampando ka kukhitchini kamene mwendo umodzi mudauchirikiza ndi njerwa. Adakhoma ndani? Dzina lake mukulidziwa? Amene muli pamphasa musaganize kuti mwapulumuka, funso ndi lomwelo: adasoka ndani?

Ine funsoli landisowetsa tulo miyezi yapitayi, ndipo ndati sabata ino ndikutulireni inu anzanga a m'gulu lino.

Kwathu ndi ku Dedza, mudzi wina kufupi ndi Bembeke. Amene mudatsikapo basi pamsewu wa M1 m'mwezi wa Juni kuti mugule kachewere ndi kabichi mukuidziwa mphepo yake, imalowa ngakhale m'jekete yochindikala ya pakaunjika. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri lake imafika mamita 2,198. Kumeneko dzuwa la m'mawa ndi chuma. Munthu aliyense amafuna pokhala pabwino poti aliothere.

Abambo anga adali kalipentala. Adali ndi kashedi ka udzu kuseri kwa nyumba, tebulo lalitali logwirirapo ntchito, ndi bokosi la zida: sowo, puleni, hamala, sikweya, matchizulo anayi ndi pensulo imene simachoka kukhutu. Ankakhoma zitseko, mafelemu a mawindo, mabedi, madesiki a sukulu, zambiri mwa izi ndi matabwa a paini ochokera m'nkhalango za Dedza ndi Chongoni. Koma tinene zoona, ndalama ya fizi yanga yambiri idachokera m'mabokosi a maliro. Zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000, matenda aja atavuta, hamala inkalira mpaka usiku pa kuwala kwa koloboyi.

Ine zimenezi zinkandichititsa manyazi. Kusekondale anzanga akamafunsana za ntchito za makolo, ndinkangoti abambo ndi a bizinesi. Ndinkaopa dzina loti mwana wa okhoma mabokosi. Palibe tsiku limene ndidagwirako puleni mwakufuna kwanga.

M'chaka cha 1994 munthu wina adalephera kulipira zitseko, m'malo mwake adabweretsa matabwa asanu a mlombwa. Amayi adadandaula, popeza matabwa sadyedwa. Abambo adangowanyamula n'kukawasanja kudenga la khitchini, kumene adakhala zaka ziwiri akuuma pang'onopang'ono. Atawatsitsa adayamba mpando umene palibe adauitanitsa, palibenso adati adzaugula. Ankaugwira madzulo okhaokha akaweruka ntchito ya eni ake, ndipo udawatengera mwezi wathunthu.

Mukauona simungadabwe nawo. Ulibe maluwa osema, ulibe kushoni. Ndi waufupi, moti ukakhala pafupi ndi moto suwerama kuti uothe. Kotsamira kwake kudapendekekera kumbuyo pang'ono chabe, osati ngati mpando wandalema umene umakugonetsa mlendo akulankhula. Poika mkono wamanja ndi potakata kuposa pa wamanzere, kuti kapu ya tiyi ikhalepo. Pokhalira ndi timatabwa tosiyana mipata, kuti mame kapena mvula zikaunyowetsa usachedwe kuuma. Mulibe msomali ngakhale umodzi. Thabwa lililonse lidabooledwa n'kulowetsamo mutu wa linzake, kenaka n'kukhomera kachikuni kothinitsa. Ukayamba kugwedera m'chilimwe, umangogogoda tizikuni tija kawiri, basi walimba.

Zonsezi ndikuzifotokoza lero. Panthawiyo ndinkangoona mpando wakale wa munthu wosauka.

Mu 2011 ndidapeza ntchito ku Lilongwe. Chinthu choyamba chimene ndidaganiza ndi kuchotsa manyazi pakhomo. Ndidatenga ngongole kuntchito n'kugula sofa yochokera kunja pa sitolo ina ya mu mzindamo, yakuda, yonyezimira, ya mikono yonenepa ngati ng'ombe ya ngolo. Ndidachita hayala galimoto mpaka kumudzi. Ana adathamangira galimotoyo, amayi adalulutira, anansi adabwera kudzaigwiragwira. Pabalaza pathu ndi pochepa, choncho china chake chidayenera kutuluka. Ndi manja angawa ndidanyamula mpando wa mlombwa uja n'kukausiya pakhonde.

Abambo adakhala pasofapo, nalowa mpaka mawondo adatsala pang'ono kugunda chibwano. Adasisita mkono wake, nasuzumira kunsi, kenaka adati, "Zikomo mwanawe. Yafewa bwino." Sadanenenso china. Kutacha ndidawapeza pakhonde, ali pampando wawo, kapu ili pamkono wamanja. Kuyambira tsiku limenelo kunja kuzizire bwanji, ankakhala pakhonde. Alendo ankalowa m'nyumba kukakhala pasofa ya mwana wa ku Lilongwe, eni nyumba ali panja. Ine ndinkati ndi ukalamba chabe. Sindidazindikire kuti potulutsa mpando ndidatulutsanso munthu.

Chikomekome cha nkuyu, akulu adanena. Pasanathe zaka zitatu chikopa chija chidayamba kusupuka ngati njoka yofundula, n'kuoneka kuti chidali pulasitiki. M'kati mudali timatabwa ta utuchi womata ndi tizitsulo tong'onoting'ono. Mvula itadontha kamodzi, mwendo wina udafufuma n'kuthyoka. Amene adaikonza ndi abambo omwewo, ndipo sadandinyogodole ngakhale pang'ono. Adatisiya mu 2017. Abale awo adatenga njinga ndi wailesi, koma bokosi la zida ndi mpando adazisiya, mwina poona kuti n'zopanda mtengo. Sofa ija lero nkhuku zimaikiramo mazira m'khitchini.

Tsopano mufunsa kuti za ku Ulaya zikubwera pati. Tsiku lina ndikungoseweretsa foni ndidakumana ndi kanema wa mwambo wopereka mphotho ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, kumene kumachitika chionetsero chachikulu cha mipando ndi katundu wa m'nyumba. Anthu atchena, magetsi ali ngwee, m'manja mukuwombedwa. Ndidayesa ndi za oimba. Ayi ndithu, amene adapambana adapanga mpando. Wina nyale. Ndidaseka ndekha: anthu awa mavuto adawathera eti? Koma mpando umene ankauonetsawo udali wa thabwa lokhalokha, wopanda maluwa, kotsamira kopendekeka pang'ono. Kuseka kudandithera. Usiku umenewo bandulo idapita yonse ndikuwerenga.

Zimene ndidapeza ndi izi. Maiko a kumpoto kwa Ulaya, monga Denmark, Sweden, Norway, Finland ndi Iceland, ali ndi nyengo yozizira yaitali, ya usiku wautali, moti moyo wambiri umachitikira m'nyumba. Kuzizira kwa kwathu ku Dedza kwa iwo n'chibwana. Mpando, tebulo ndi nyale ndi zinthu zimene amakhala nazo maola ambiri, choncho adayamba kuziganizira mozama. Ku Copenhagen, bungwe la makalipentala linkachititsa chionetsero chaka chilichonse kuyambira 1927 mpaka 1966. Wojambula mapulani ankagwirizana ndi kalipentala n'kubweretsa chinthu chatsopano, anthu n'kudzachiona, kuchikhalira ndi kuchidzudzula m'nyuzipepala. Zaka makumi anayi za kudzudzulana poyera n'zimene zidakweza mipando ya ku Denmark.

M'modzi mwa amene adatchuka kudzera m'zionetserozi ndi Hans Wegner, wobadwa mu 1914 m'tauni ya Tønder. Bambo ake ankasoka nsapato. Iye adayamba kuphunzira ukalipentala ali ndi zaka 14, ndipo pomwalira mu 2007 n'kuti atapanga mitundu ya mipando yoposa 500. Umodzi wa mu 1949, umene adaukhoma mogwirizana ndi kalipentala Johannes Hansen, ndi umene John F. Kennedy ndi Richard Nixon adakhalira pa mtsutso wawo wa pa wailesi ya kanema mu 1960. Wina wotchedwa Wishbone kampani ya Carl Hansen & Søn yakhala ikuupanga kuyambira 1950 mpaka lero, ndipo pokhalira pake amaluka ndi manja, ndi chingwe cha pepala chotalika mamita pafupifupi 120. Maonekedwe ake adaphunzirako ku mipando yakale ya ku China. Mu 1951 Wegner ndi Tapio Wirkkala wa ku Finland adakhala oyamba kulandira mphotho ya Lunning, imene inkaperekedwa mpaka 1970 ndipo inkathandiza amisiri kuyenda maiko ena kukaphunzira.

Ku Finland, Alvar Aalto adapeza njira yopindira thabwa lolimba: kulicheka timizere kumapeto, kulowetsamo timatabwa topyapyala ndi guluu, kenaka n'kulikhotetsa. Kuchokera apo mu 1933 kudabadwa kampando ka miyendo itatu kotchedwa Stool 60, kamene mungathe kusanjikiza tambirimbiri pakona. Ku Norway, Peter Opsvik adaona kuti mwana wake wakula kuposa kampando ka makanda koma sakufikira patebulo akakhala pa mpando wa akulu. Mu 1972 adatulutsa Tripp Trapp, mpando umene pokhalira ndi popondera pake zimasunthika mwana akamakula. Onani bwino, nzeru zonsezi zikuyambira pa vuto laling'ono la pakhomo. Kapu ya tiyi ikhala pati? Mapazi a mwana aponda pati?

Umene udandiseketsa mowawa ndi wa Finn Juhl, wa mu 1949, wotchedwa Chieftain Chair, kunena kuti mpando wa mfumu. Buku lililonse lonena za mpandowu limatchula anthu awiri: Finn Juhl amene adaujambula ndi Niels Vodder amene adaukhoma. Nafenso tili ndi mpando wa mfumu, uja wa matabwa awiri olowetsana, wosemedwa njovu ndi anthu osinja, umene alendo amagula m'misika ya ziboliboli. Wanzeru zedi: ulibe msomali, umaphwasuka n'kunyamulika kukhwapa. Amene mumaugulitsa kapena muli nawo pabalaza, tandiuzeni dzina la amene adasema wanuwo.

Mphotho zoterezi zilipobe. Ku Sweden kuli ya Bruno Mathsson, yoperekedwa kuyambira 1984 m'dzina la mmisiri wa mipando amene nayenso adali mwana wa kalipentala. Ku Denmark kudayambika ya INDEX, yoyang'ana zinthu zotukula miyoyo ya anthu, ndipo mu 2005 idapita kwa LifeStraw, kapaipi kosefa madzi akumwa. Poyamba ndinkaganiza kuti mphotho ndi chikho ndi chithunzi basi. Ndaona kuti imagwira ntchito zitatu. Imamatira dzina la munthu pa chinthu chimene wapanga, moti wina akachikopera anthu amadziwa mwini wake. Imaphunzitsa ogula kusiyanitsa chabwino ndi chonyezimira, chifukwa oweruza amayenera kufotokoza chifukwa chake. Ndipo imauza mwana wa zaka 14 kuti puleni ikhoza kumufikitsa patali.

Tibwerere kwathu. Lembani mawu oti Malawi chair pa intaneti muone. Mupeza mpando uja wolukidwa ndi nsungwi ndi zomera za m'madambo, umene timaudutsa m'mbali mwa misewu ya ku Blantyre, uli m'masitolo apamwamba a ku Cape Town ndi ku London, mtengo wake woti kuno ungagule mipando yotereyo ingapo. Watenga dzina la dziko lonse, koma wopanda dzina la munthu. Ya anzathu imatchedwa Wegner, Aalto, Juhl. Wathu ndi wa Malawi chabe, ngati kuti udamera wokha m'dambo.

Si kuti luso tilibe, ndipo boma lathu la Dedza lokha ndi umboni. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zina za Akafula, zina za Achewa, ndipo UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Mukatsika Khwekhwerere kulowera ku Mua, pa mishoni imene idakhazikitsidwa mu 1902, mupeza KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi luso amene bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, kumene amisiri ambiri adaphunzira kusema zinthu zimene lero zili m'matchalitchi a kutali. M'tauni momwemo muli Dedza Pottery, imene kuyambira 1987 yakhala ikuumba makapu, mbale ndi matailosi zimene mlendo wodutsa amapatukira dala. Nanga mbaula ya dothi ija ya Chitetezo, yosunga moto ndi kupulumutsa nkhuni, imene amayi amaumba m'magulu m'midzi? Nanga lichero, nkhokwe, mtondo, chipande? Chilichonse mwa izi wina adachiganizira, adalakwitsa, adakonza. Komabe pa siteji timaitana oimba, osewera mpira ndi ochita bwino pa mayeso. Wokhoma desiki imene wochita bwinoyo adalemberapo amangomvera pawailesi.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba yankho: achimwene, anthu akusowa feteleza inu muli pa mphotho za mipando? Ndikukumvani. Ndivomerezenso kuti mipando yambiri yopambana mphotho kunjako ndi yodula moti ngakhale eni dzikolo si onse angaigule, ndipo ina imakoma pa chithunzi kuposa pokhalira. Ndivomerezenso kuti makalipentala athu ena amatikhumudwitsa. Ndani sadapereke dipoziti n'kumva "mawa, bwana" kwa miyezi itatu? Ndani sadagule chitseko cha thabwa laliwisi chimene chidapindika mvula yoyamba?

Koma tadzifunsani chifukwa chake. Kuumitsa thabwa kumafuna nthawi, ndipo nthawi imafuna mpamba. Munthu amene chakudya cha lero chikudalira chitseko cha lero sangasunge matabwa zaka ziwiri kudenga. Ifenso ogula timafika ndi chithunzi cha pafoni n'kunena kuti ndikhomereni ngati iyi, kenaka n'kunenerera mtengo mpaka mmisiri atsale ndi ya misomali yokha. Pa sitolo ija ya ku Lilongwe ine sindidanenerere ngakhale tambala. Tikamutero kalipentala, timamuphunzitsa kukopera ndi kufulumira, kenaka n'kumamunena kuti alibe nzeru zakezake. Abambo anga pa moyo wawo wonse adapanga chinthu chimodzi chokha cha m'mutu mwawo, ndipo chidatheka chifukwa munthu wina adalephera kulipira ngongole.

Palinso nkhani ya mitengo. Anzathu aja amadula akubzala, n'chifukwa chake kampando ka 1933 kakupangidwabe ndi mtengo wa mtundu womwewo wa m'nkhalango za ku Finland. Ife mlombwa ndi mbawa tikuzifuna ndi tochi. Mapiri amene ndili mwana adali obiriwira lero ametedwa mpala ndi makala ndi macheka. Mpikisano wa mipando wosalabadira kumene thabwa lachokera ungangomaliza zotsalazo.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi mwana wa mlongo wanga. Adalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, sizidayende bwino. Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiwe atsibweni, amalume kwa inu ena, ndipo nkhani ya tsogolo lake imathera pa iwe. Ndidapita kumudzi nditakonza kale chigamulo: abwereze, fizi ndilipira. Ndidamupeza m'kashedi kaja, atafolera denga ndi udzu watsopano, akunola tchizulo cha agogo ake pamwala.

"Atsibweni, ine sukulu ndayesa. Ndikufuna zidazi."

Mlongo wanga adalumphira nkhaniyo asanamalize. "Achimwene, muuzeni mwanayu. Akufuna adzafe wosauka ngati agogo ake? Azidzakhoma mabokosi anzake akuyenda pa galimoto?"

Mawu amenewo adandilasa chifukwa adali anga. Ndi omwe aja ndinkabisa kusekondale. Ndipo mlongo wanga sadalakwe kwenikweni: abambo adamwaliradi opanda kanthu. Kumuuza mwana kuti tsata luso uli ndi malipiro a pamwezi ku Lilongwe n'kosavuta. Akadzavutika, amene adzamuone tsiku ndi tsiku ndi mayi ake, osati ine.

Ndidapempha kuti tigone kaye. M'mawa mwake mnyamatayo adanditengera pakhonde. "Tabwerani muone, atsibweni." Adatembenuza mpando uja miyendo m'mwamba. Zaka zonsezi ndidali ndisanauyang'anepo kunsi. Pa thabwa lapakati padali zolemba za pensulo, zofufutika koma zowerengeka: 17 wokhwatchidwa, 16 wokhwatchidwa, kenaka 15 wozunguliridwa. Mainchesi. Pambali pake chaka, 1996. Dzina panalibe.

"Ndayeza mipando ya kutchalitchi ndi ya kusukulu, yonse ndi yaitali kuposa uwu," adatero. "Agogo adali aatali. N'chifukwa chiyani adautsitsa?"

Amayi adali pafupi akusankha nyemba. Adaseka osadzutsa mutu. "Adayeza ine. Adasanja matabwa pansi n'kundikhazikapo, n'kumachotsa limodzilimodzi mpaka mapazi anga adaponda pansi bwinobwino. Paja msana unkandivuta nditabereka mayi akowa."

Ndidafunsa kuti nanga bwanji ife sitidawaonepo atakhalapo masiku amenewo.

"Iwe, anthu akadati chiyani kuona mkazi ali pampando mwamuna ali pansi? Ndinkakhalapo usiku inu mutagona. Utautulutsa panja paja ndiye ndidasiya. Usiku pakhonde pamazizira."

Abale, ndilibe mawu ofotokozera mmene ndidamvera. Ndinkadziwa kuti ndidalakwira munthu m'modzi. Tsiku limenelo ndidamva kuti adali awiri.

Zida ndidamupatsa mnyamatayo, koma tidapangana zinthu zinayi pamaso pa mayi ake. Apite akaphunzire mwadongosolo ku sukulu ya ntchito zamanja, apeze pepala la TEVETA, ndalama imene ndikadalipira kubwereza ipite kumeneko. Asagulitse chinthu cha thabwa laliwisi, ndipo matabwa oyamba oti aziuma ndagula ndine, ali kudenga la khitchini pamene ndikulemba pano. Dzinja lililonse abzale mitengo kumunda kwa agogo ake. Chachinayi, chilichonse chimene wakhoma, kaya ndi benchi ya pachigayo, alembe kunsi dzina lake, mudzi ndi chaka. Chikakhala chabwino anthu adziwe womuyamika, chikathyoka adziwe womufunsa. Mlongo wanga sadakondwe. Mpaka lero akandiimbira foni amayamba ndi kuti, "Kalipentala wanu uja ali bwino." Mwina nthawi idzaonetsa kuti iye ndiye ankalondola. Chimenecho ndasenza ndine.

Mwezi watha mnyamatayo adamaliza mpando wake woyamba, wa paini, wotengera wa agogo ake koma kotsamira adakusintha mwa nzeru zake. Adautulutsa pabwalo ngati mkwatibwi. Kudalibe magetsi, kudalibe ojambula. Woweruza adali m'modzi, atafunda zitenje ziwiri chifukwa cha mphepo. Amayi adauzungulira, adaugwedeza, adayendetsa chala m'mphepete kufuna zobaya. Kenaka adakhalapo, natsamira, nakhala chete nthawi yaitali ndithu.

"Kumsanaku wakhoza, kuposanso agogo ako," adatero. "Koma miyendo yanga ikulendewera. Ukuyesa ndine mzungu?"

Mnyamatayo adathamangira sowo. Mpando wa mlombwa tidaubwezera pabalaza tsiku lomwelo, ndipo ndidamupempha kuti alembe dzina la agogo ake pansi pa 15 paja, ndi pensulo, osafufuta china chilichonse.

Ndiye inu, mukamaliza kuwerenga, dzukani mutembenuze chimene mwakhalapocho. Mukapeza dzina, kapena ngati mukumudziwa amene adachipanga, mutchuleni m'munsimu pamodzi ndi dera lake, kaya ndi ku Karonga, ku Mchinji kapena ku Nsanje, ndipo munene chimene adakhoza. Ngati simukumudziwa koma akadali moyo pafupi nanu, mawa mukamufunse. Ine ndidachedwa ndi zaka zambiri.